Juzi Yofiira M'bowo la Khoma

Bambo anali ndi juzi yofiira yaubweya imene anagula pa kaunjika ku Limbe atatsala pang'ono kukwera ndege. Sindikumbuka ataivalapo. Ine ndimaikumbuka ili m'khoma.

M'khitchini mwathu ku Beaumont, mu mzinda wa Dublin, m'munsi pafupi ndi boyila ya gasi yotenthetsera nyumba, munali bowo lalikulu ngati mbale, lotulukira panja. Nyumba za kuno zimakhala nalo, n'lolowetsa mpweya. Kuseri kwake kunali kanjira kopapatiza, ndipo kutsidya kwa kanjirako kunali chitseko cha khitchini ya aneba athu, gogo wachizungu wokhala yekha ndi galu wokalamba. M'bowo limenelo ndi mmene bambo anakanikizira juzi ija ndi mpini wa tsache, mkono wake umodzi n'kumalendewera pansi, wakuda ndi fumbi.

Ndinali ndi zaka khumi. Amayi anali namwino, ankagwira usiku n'kumagona masana. Bambo anabwera pa mapepala a amayi, mapepala osawalola kugwira ntchito. Munthu woti ku Thyolo anali kapitawo pa esiteti ya tiyi, anthu akumuvulira zipewa, tsopano ankatsuka mbale ndi kundiperekeza kusukulu. Musaganize kuti ndikuwaikira kumbuyo ayi. Amuna ambiri atsukapo mbale mu Dublin muno osathyola nthiti za akazi awo.

Kumenyako kunkachitika masana, amayi akangodzuka. Chifukwa sichinkasowa: mchere wachepa, foni yalira, bwanji munaseka pa basi. Koma chisanayambe chilichonse bambo ankagwada pa bowo paja n'kuikanikiza bwinobwino juzi ndi chibakera, akung'ung'udza kuti, "Dziko lanji lozizira ngati kumanda." Kenako lamba. Lamba akawatopetsa, ankagwira amayi tsitsi n'kuwomba mutu wawo pa redyeta yachitsulo yotenthetsera chipinda, gu! gu! Phokosolo linkayenda m'mapaipi mpaka kuchipinda kwanga m'mwamba, moti redyeta yanga inkanjenjemera ine nditaitsamira. Amayi sankalira. Ankaluma thaulo la mbale. Zikatha ankapukuta magazi pa chitsulo, kudzola paudala, kuvala yunifolomu, ulendo kukakwera basi.

Mutu wanga wachibwana unaziona chonchi: kuzizira kumakwiyitsa bambo, juzi imaletsa kuzizira, ndiye juzi ndi mnzathu. Ikanati isakhalepo, bwenzi zikuipa kuposa apa.

Amayi anayesapo kuuza amalume, mlongo wawo amene ankakhala ku Rathmines, mbali ina ya Dublin. Anabwera Lamulungu Misa itatha, atanyamula nsomba zouma za ku Moore Street, anaona diso lotupa la amayi, n'kuyang'ana kumbali. Mawu awo ndimawamvabe. "Achemwali, banja ndi kupirira. Mukawaitanira apolisi a kuno alamuwa abwezedwa kumudzi, ndiye kwawoko adzati chiyani? Mfiti mudzakhala inuyo." Potsanzika anaponyanso mwambi, ati mutu ukakula sulewa nkhonya. Ha! Mwambi ngwabwino, koma amalume sanaikepo mutu wawo pa redyeta ngakhale tsiku limodzi.

Mu Disembala boyila inafa. M'mawa mazenera ankaundana mkati, ine n'kumalembapo ndi chikhadabo. Alandilodi anangoti pezani munthu nokha. Abale, kupeza munthu wa maboyila mu Dublin kukazizira si masewera. Amayi anatola manambala m'buku lachikasu la mafoni ndi pa timakadi tomata pa zenera la golosale, koma aliyense akangomva Chingerezi chawo ankati tadzaza mpaka chaka chamawa. Ndiye anandipatsa ine foniyo, poti Chingerezi changa chinali cha pabwalo la sukulu, cham'mphuno ngati chawo. Ndinkakulitsa mawu ngati aphunzitsi athu, amayi ataima pambali akundinong'oneza zoti ndinene. Wina anati abwera Lachiwiri. Lachiwiri lakelo tikulidikirabe mpaka lero.

Amene anabwera anali munthu wina wonenepa wonunkha fodya. Anagona chagada pansi, anasintha kachitsulo kena, boyila n'kuyamba kulira. Podzuka anaona mkono wofiira uja. Anaukoka, juzi yonse inatuluka ndi akangaude ake, ndipo nkhope yake inafiira kuposa juziyo. Anakalipa osaopa kuti bambo ali pomwepo: boyila yamtundu uwu imapumira pa bowo ili, mukalitseka tsiku lina mudzagona nonse osadzukanso. Atatero anatuluka kukaona bowolo cha kunja, amayi akumutsatira.

Ine ndinatsala ndekha m'khitchini, ndipo ndinadabwa. Mawu awo onse ndinkawamva ngati aima pambali panga. Ndinamva ngakhale galu wa gogo uja akunyambita m'mbale mwake. Munthu uja atapita ku galimoto yake, mawu a amayi analowa pa bowo, otsika kwambiri.

"Iwe, ukundimva?"

Ndinayankha m'Chingerezi, monga mwa nthawi zonse, kuti inde, ndikumva bwinobwino. Sanalowe msanga. Anaima m'kanjira muja nthawi yaitali, atavala masilipasi, mphepo ikuwomba.

Bambo anaibwezera juzi m'khoma galimoto isanakhote n'komwe, ndipo madzulo ake amayi anapita kuntchito akutsimphina.

Patapita masiku angapo amayi ananditsekera kuchipinda kwawo n'kundipatsanso foni. Ulendo uno ankafuna anthu ena, okonza ndi kuyeretsa mabowo a mpweya. Ndinanyinyirika. Boyila ikuyaka, tikufunanso chiyani? "Imba foni, usanditopetse," anatero. Anandiuza zoti ndinene: sefa yachitsulo mkati, ina kunja, zomangidwa ndi masikuluwu oti munthu sangamasule. Ndipo abwere m'mawa wa tsiku limene bambo ankapita mtauni kukaima pa mzere wa mapepala. Ambiri anakana, ati kantchito kakang'ono. Wina anandiseka n'kunena kuti ndiitane munthu wamkulu. Potsiriza anavomera mnyamata wina wa ndolo kukhutu, amene anabwera ndi chobowolera, n'kumaimba mluzu ntchito yonse. Atamaliza, amayi anaigwedeza sefayo ndi manja awiri, kenako anaiponda ndi chidendene. Sinasunthe.

Juzi ija anaichapa, anaiumitsa pa redyeta, anaipinda bwino n'kuiika pa mpando wa bambo.

Ine mtima unali m'mwamba. Mphepo inkalowa pa sefa paja ngati mpeni, n'kumadula m'akakolo. Ndinawayang'ana amayi n'kuganiza kuti azungulira mutu.

Bambo anafika cha m'ma thili koloko, atanyowa, mapepala osatheka. Anaona juzi pa mpando. Anaona khoma. Anagwada ndi sikuludiraiva, inaterereka. Anatenga mpeni wa buledi, unathyoka n'kuwacheka chala. Ataona magazi awoawo anadzuka pang'onopang'ono, ndipo tsiku limenelo lamba sanamufune n'komwe. Mpini wa tsache unathyokera pamsana pa amayi. Ketulo inawapeza pakamwa, ndinamva dzino likugwa pansi, kakaphokoso kakang'ono ngati batani. Anagwa chafufumimba pafupi ndi sinki, bambo n'kuyamba kuwaponda ndi nsapato zonyowa zija, m'nthiti, m'mimba, akupumira m'mwamba ngati munthu amene akulima.

Masiku onse ndinkathawira m'mwamba, koma tsikuli ndinadziwa chochita. Ndinathamanga, ndinakhala pansi, n'kutseka sefa yonse ndi msana wanga, chitsulo chozizira chikundiluma kupyola diresi. Ndinakuwa m'Chingerezi kuti adadi taonani, ndatseka, sikukuziziranso, siyani!

Amayi anadzutsa mutu. Diso limodzi linali litatsekeka, kukamwa kuli magazi okhaokha.

"Choka pamenepo!"

Mawu amenewo sindinawamvepo chibadwire. Ndinauma. Amayi anakwawa, bambo akuwapondabe, anandigwira mwendo n'kundikoka mwamphamvu moti ndinagwa, chigongono changa chinang'ambika pa ngodya ya sefa. Sanandiyang'ane n'komwe. Anaika pakamwa pawo pa chitsulo chija n'kukuwa. Mayi woluma thaulo uja anakuwa m'Chingerezi chomwe chija chimene anthu a maboyila ankachidulira foni, kuti thandizeni, akundipha, pali mwana muno. Galu anauwa kutsidya. Chitseko cha gogo chinatseguka, kenako chinatsekeka mwamphamvu. Bambo anaima, mwendo uli m'mwamba, akuyang'ana khoma ngati lawatukwana.

Apolisi anafika kusanade. Bambo sanagonenso m'nyumba imeneyo.

Amalume anatulukira kuchipatala tsiku lotsatira, nkhope ili gwa. Sanafunse za nthiti. Anafunsa kuti ndani waitana apolisi, poti kumudzi mafoni ayamba kale kulira. Amayi anayankha movutika, milomo itasokedwa.

"Ine sindinaitane munthu, achimwene. Foni yanga ndi iyo, yang'anani. Aneba ndi amene anamva."

Amalume anaitembenuza foniyo m'manja, n'kuibweza pa bedi. Lero ndili ndi nyumba yangayanga, ndipo mwamuna wanga amadziwa kuti atha kusuntha chilichonse m'khitchini mwanga koma pa bowo la mpweya saikapo ngakhale nsapato. Ndikaganiza kuti mayi anga anachita kufufuza munthu wa chobowolera mu mzinda wonsewu kuti apeze chimene mlongo wawo weniweni anawamana, ndimapsa mtima.

Koma nyengo imeneyo mkwiyo wanga unali kwina. Khitchini inazizira mpaka Malichi. Ndinkadya nditavala masokosi awiriawiri, ndikuyang'ana sefa ija ndi mpando wopanda munthu, amayi akandilankhula ine duu. Ndinali nditawathandiza, iwo n'kundikoka ngati thumba la makala.

Sukulu itatsegulidwa, aphunzitsi anaona bandeji pa chigongono changa. Ananditengera pakona, anagwada kuti tilingane, n'kundifunsa mofatsa kuti ndani anandipweteka. Ndinawayang'ana m'maso n'kuwauza zoona zonse zimene ndinkadziwa. Ndinati ndi amayi, chifukwa iwo amakonda mphepo kuposa ine.