Tadala ananditcha anti

Ndinaganiza zochoka ku Manjawira tsiku limene ndinabwerera kumsika ndi dengu la tomato lodzaza monga ndinapitira nalo. Bambo a mwana wanga anali atalowera kwa mkazi wina, chimanga chinali chitapsa ndi ng'amba, ndipo mwanayo, Tadala, anali ndi zaka ziwiri ndi theka. Mnzanga wina wa ku Lilongwe anandiuza kuti pashopu ina ya zovala ndi nsapato za ana akufuna wogulitsa. Ndinapita kwa mkulu wanga, Nangozo, amene anali atakhala pabanja zaka zisanu ndi ziwiri osaona mwana.

"Achemwali, mundisungire Tadala chaka chimodzi chokha. Ndikakangopeza pokhala, ndidzamutenga."

Sanandifunse chilichonse. Anangomasula chitenje chawo n'kumubereka. Tsiku limenelo ndinathokoza kwambiri. Lero ndikakumbukira changu chimene anamasulira chitenjecho, mtima umandiwawabe.

Shopu yathu inali mumsewu wa Malangalanga, pakati pa wogulitsa mafoni ndi wogulitsa mapoto. Kuyambira m'mawa anthu ankangopanikizana pakhonde, akabaza akuimba mabelu, oitanira minibasi akukuwa. Kumapeto kwa mwezi azimayi ankabwera ndi ana awo atawagwira padzanja. Ntchito yanga inali kugwada, kumuveka mwana nsapato, n'kudina ndi chala kutsogolo kuti ndione ngati yamukwana. Ndinafika poti mwana akangolowa pakhomo ndinkadziwiratu saizi yake. Koma phazi la mwana wanga sindinkalidziwa.

Azimayi amenewo ndinkawachitira nsanje, sindibisa. Zikwama zawo zinalibe nane ntchito. Chinkandipweteka ndi dzanja laling'ono lija logwira chitenje chawo. Tsiku lina mayi wina anakalipira mwana wake chifukwa chopaka chokoleti padiresi loyera. Ndinapukuta diresilo ndikumwetulira, koma mumtima ndinkati: mwayi wake mayiyu, ali naye womukalipira.

Malipiro anali ochepa. Ndikalipira chipinda chimene tinkagona atatu ku Mchesi n'kutumiza ya sopo ndi ufa kumudzi, yotsala inkangokwana bonya. Chaka chimodzi chija chinasanduka zinayi. Kumudzi ndinapitako kawiri kokha, konseko kumaliro, n'kubwerera mawa lake.

Alamu anga ankanditumizira zithunzi pafoni. Tadala ankaoneka wonenepa, tsitsi lolukidwa bwino, koma pachithunzi chilichonse panali dzanja la Nangozo paphewa pake. Ndinkachikulitsa chithunzicho mpaka dzanjalo litabisika. Ndikaimba foni ndinkamva Nangozo akuti, "Bwera ulankhule ndi amayi ako a kutauni." Kenako kupuma kwa mwana, zii, ndiyeno mawu ake akutalikira: "Amama, ndikufuna phala." Sankanena ine.

Nditapeza chipinda changachanga komanso malo a Tadala pasukulu ina ku Kawale, ndinagula diresi lachikasu ndi nsapato zakuda za lamba, n'kukwera basi. Ndinatsika pa Manjawira masana. Tadala ankasewera fulaye pabwalo ndi anzake. Atandiona ndi chikwama anathamangira kukhitchini.

"Amama, amama, kwabwera anti!"

Diresi linamukwana. Nsapato zinakana kulowa chidendene. Nangozo anangoziyang'ana n'kunena motsitsa kuti, "Ukanafunsa. Amavala yoposa pamenepo ndi masaizi awiri." Ine, wogulitsa nsapato za ana!

M'mawa mwake tili awiri tikusenda nandolo, ndinalephera kudzigwira.

"Ndinu mwamuphunzitsa kuti azinditcha anti."

"Chithunzi chako chili pakhoma paja. Ndimamuuza kuti amayi ako ndi awa. Koma chithunzi sichinakhale naye kuchipatala masiku asanu atadwala malungo."

"Masiku asanu? Bwanji simunandiuze?"

"Ukanasiya ntchito?"

Ndinati ndabwera kudzamutenga, tinyamuka Lolemba. Nangozo anaika lichero pansi.

"Ukuganiza kuti nsanje uli nayo wekha, Eliza? Iwe unamubala. Lolemba ukhoza kumukweza basi, ndipo palibe adzabwere kudzandifunsa ngati ndavomera. Zaka zinayi zonsezi foni ikalira, ndimati basi, lero akumufuna."

Chikhalireni sindinaganizepo kuti munthu angandichitire nsanje ineyo, wogona pamphasa ku Mchesi. Tinapitiriza kusenda nandolo osayang'anana.

Lolemba sindinanyamuke naye. Ndinapita ndekha kukatsanzika kushopu ndi kukatenga katundu wanga. Panopa ndimagulitsa kaunjika wa ana pamsika wa Manjawira, ndipo ndimachita lendi nyumba yoyang'anizana ndi ya Nangozo. Tadala amagonabe kwa iwo. Nsanje sinandithere; ndikamva akuseka kuseri kwa mpanda wawo, ndimakweza wailesi.

Mwezi wathawu munga unamubaya Tadala kuphazi akuchokera kusukulu. Anabwera akutsimphina, akulira, n'kundidutsa pomwe ndinakhala, mpaka kukagwera pamiyendo ya Nangozo. Iwo anachotsa pini pabulauzi yawo. Anaiyang'ana kanthawi, kenako anandipatsa.

"Maso anga sakuona bwino masiku ano. Zula ndiwe."

Maso a Nangozo alibe vuto lililonse. Amalowetsa ulusi pasingano kamodzi n'kamodzi. Ndinagwada. Tadala anakumbatira khosi lawo n'kubisa nkhope, koma mwendo anautambasulira kwa ine. Munga utatuluka, anasuzumira kuti auone.

"Sizinawawe," anatero, misozi ili m'masaya. "Mawa mudzandionenso ngati mwatupa."

Sananene kuti amama, sananenenso kuti anti. Mawa lake anabwera yekha, asanapite kusukulu, n'kuika phazi lake lafumbi pachitenje changa.