Mbuzi Imene Mayi Ajira Anakana Kuzinga

Ku Katuli mayi Ajira amadziwika ndi khola la mbuzi ndiponso kusamva zouzidwa. Anayamba kuweta banja lawo litatha, ndi kamsoti kamodzi ka mbuzi kosiyiridwa ndi malemu amayi awo. Pabanjapo anali atatopa ndi kuuzidwa kuti akukokomeza nthawi iliyonse akanena kuti penapake pakuwawa.

Chaka china, dzuwa lili paliwombo, agalu a alenje anagwera mbuzi zikudya kudambo. Zinafika pakhomo zili wefuwefu. Tonde wa achimwene awo, a Jaffalie, amene ankagona m'khola lomwelo, anali atang'ambidwa ntchafu, koma anangofikira pa madeya ngati palibe chachitika. Mbuzi yaikazi ya mayi Ajira inali ndi kabala kakang'ono pakhosi, koma ikangokhudzidwa inkalira momvetsa chisoni, thupi lonse likunjenjemera.

A Jaffalie atafika anagamula kuti yaikaziyo izingidwe msanga isanafe yokha, nyama ingakhale haramu, yosaloledwa kudya. Za tonde anati ndi mwamuna, palibe chimene akumva. Anthu amene anasonkhana anavomereza, wina mpaka anayamba kunola mpeni.

Mayi Ajira anakaima pachitseko cha khola.

"Achimwene, mpeniwo ubwerere kumene wachokera. Iyi mantha aiwonjezera ululu. Wanuyo mantha omwewo amubisira bala. Mtima ukakhala m'malo mudzamuona."

A Jaffalie anawakumbutsa kuti mwini mbumba ndi iwo. Mayiwo anavomera kuti mbumba ndi yawodi, koma khola ayi. Anati chifukwa chake sakuchidziwa, koma m'khola mwawo anaziona kangapo: atonde akadzidzimuka amauma thupi ngati chitsa, pamene zazikazi zimamva kuwawa ndi ntchentche yomwe. Wa mpeni uja anayesa kuwalambalala, iwo anangotambasula manja n'kumuyang'ana m'maso mpaka anabwerera.

Yaikaziyo mayi Ajira anaiika payokha kuseri kwa nkhokwe, kutali ndi phokoso, n'kuitsuka ndi madzi ofunda a mchere. Anatumanso uthenga kwa alangizi a ziweto kuti abwere ndi mankhwala. Mayiwo atafuna kutsukanso tonde, a Jaffalie anakana mwaukali n'kumukokera kwawo ndi chingwe, tondeyo akutsimphina pang'ono chabe.

Sabata isanathe bala la tonde linatupa, analephera kudzuka, ndipo anamuzinga. Yaikazi inachira, ndipo mvula itayamba inaswa mapasa.

Mayi Ajira ndi a Jaffalie anatha miyezi osalankhulana. Achibale anawanyengerera mayi Ajira kuti akapepese poti anachititsa manyazi munthu wamkulu pagulu, koma iwo anafunsa kuti akapepese chiyani. Pa chikondwerero cha Idi anangotumiza mbale ya mpunga kwa achimwene awo, ndipo mbaleyo inabwerako yotsuka.

Mpaka lero a Jaffalie amauza anthu pamsika kuti unali mwayi chabe. Mayi Ajira akamva amangoti alekeni anene, n'kupitiriza kumwetsa mbuzi zawo.