Bambo anga pa chitunda cha gofu

Lero m'mawa ndikudutsa pa Ginnery Corner ndinamva fungo la kapinga wongotchetcha kumene, nkukumbukira bambo anga.

Bambo anga ankanyamula zikwama za osewera gofu. Tsiku lina kunja kuli chiperoni, amayi anandituma kuchokera ku Manja kuti ndikawapatsire juzi. Ndinawapeza ataima okha pamwamba pa chitunda, m'nkhungu, dzanja lili m'mwamba. Sindinkadziwa kuti dzenje logwetsamo mpira linali kuseri kwa chitundacho, moti wosewera saliona, amangolunjika pamene paima munthu kuti mpira umudutse pamwamba.

Ine ndinangoona bwana wina kumunsi akukweza chitsulo chomenyera mpira, maso ali pa bambo anga. Mtima wangawu suchedwa kupsa, ndinabadwa choncho.

"Galu iwe, ukufuna kupha bambo anga?" ndinakuwa.

Mpira unakagwera kutchire. Bambo anatsika chothamanga, chipewa chili m'manja.

"Ndi wako uyu?" bwanayo anawafunsa. "Kapena mawa ndipeze wina wondinyamulira?"

"Pepani bwana, ndi mwana, sadziwa kanthu."

Bwanayo anali wamng'ono kwa bambo kutalitali. Koma bambo anagwada, nandikokera pansi kuti nanenso ndigwade, anzawo onyamula zikwama akuyang'ana kumbali.