Tsiku Limene Belu la Atambala Linalekezera Panjira

Ambiri mu mpingo mwathu dzina lawo lenileni sankalidziwa. Tonse tinkawatchula kuti Atambala, chifukwa kwa zaka makumi anayi ndi iwo ankatidzutsa ndi belu la pemphero la m'mawa, sikisi koloko ndendende.

Anabadwira m'banja losauka, ndipo bambo awo anamwalira iwo ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Sukulu anailekeza panjira n'kuyamba kusoka nsapato pakhonde la sitolo kuti alere azing'ono awo. Atakwatira, ana sanabwere. Anthu anayankhula mpaka pakamwa kuuma, koma iwo ankangoti, "Mulungu sachedwa, opupuluma ndi ife." Ntchito ya belu anailandira chaka chomwe anakwatiracho, yopanda malipiro. Ankadzuka folo koloko, mayi akunyumba akadali m'tulo, n'kukagwada okhaokha m'tchalitchi kufikira nthawi itakwana. Ankaliza katatu, katatu, katatu, kenako kasanu ndi kanayi, zonse pamodzi khumi ndi zisanu ndi zitatu. Ana oyimba kwaya akafuna kuyeserera kuliza belulo, iwo ankawachenjeza kuti, "Belu salisiyira panjira."

Koma tsoka silinunkha. Lachiwiri lina, atakoka chingwe kachisanu ndi chiwiri, dzanja lamanja linangoti lende. Anagwa chammbali m'kachipinda ka belu, chitseko chili chotseka. Anawapeza ndi amayi osesa, nthawi itapitirira eyiti, ndipo amene anawathamangitsira kuchipatala pa galimoto yake ndi mayi wophika buledi wa kutsidya kwa msewu.

Pa kabedi ka matayala, Atambala ankamva zonse, koma lilime linali ngati la munthu wina. Atawajambula m'mutu, dokotala, mtsikana wa mawu achangu, anaima pafupi ndi mayi akunyumba.

"Mayi, ndi sitiroko. Magazi aundana mu mtsempha, ndipo mbali ina ya ubongo ikufa pamene tikuyankhula pano. Mankhwala osungunula alipo, koma timapereka pasanathe maola anayi ndi theka. Tikachedwa, angawatayitse magazi m'mutu n'kuwapha. Munawaona ali bwino komaliza nthawi yanji?"

"Dzulo pogona, adokotala. Amatuluka ine ndili m'tulo."

"Ndiye sindingapereke."

Atambala anayesa kufuula kuti sikisi! Chimene chinatuluka ndi kubuula chabe, malovu akutsikira pa kolala. Wotchi ya pakhoma inali pa teni koloko ndi mphindi zisanu. Mantha anawagwira, munthu amene moyo wake wonse ankauza anthu nthawi, lero akulephera kutchula yake.

"Pepani, ndilowererepo," anatero mayi wa buledi ali pakhomo, ufa udakali m'zigongono. "Belu lalira lero. Kasanu ndi kawiri, basi n'kungoti zii. Ine ndimati chingwe chaduka."

"Mwina waliza wina?"

"Iii, ndani? Dzanja lawo ndimalidziwa. Amapumira pang'ono akaliza katatu."

"Mukutsimikiza kuti inali sikisi? Tikaphonya, tiwapha."

"Adokotala, wotchi yanuyo inganame, koma Atambala ayi. Zaka makumi awiri ndakhala ndikuphula buledi ndi belu lawo, ndipo sanapsererepo."

Dokotala anayang'ana wotchi, n'kuyang'ananso nkhope yopotokayo. Atambala anakweza dzanja lamanzere, natambasula zala zonse zisanu, napinda, naimika chimodzi. Nesi anathamanga. Mankhwala analowa m'mtsempha kutatsala mphindi khumi kuti maola anayi ndi theka aja akwane.

Moyo unapulumuka, koma mayesero anali asanathe. Atabwerera kunyumba, usana unasanduka usiku. Ankagona dzuwa lili paliwombo, ndipo mdima ukagwa maso ankakhala gwa. Belu, lomwe tsopano ankaliza ndi mayi akunyumba, linkawapeza atangoyamba kusinza. Zimenezi zinawapweteka mtima kuposa mwendo wokwekwereza uja, ndipo tsiku lina analira pamaso pa dokotala.

"Bambo, thupi lili ndi wotchi yakeyake," anawafotokozera dokotalayo. "Kukamacha magazi amathamanga kwambiri, n'chifukwa chake sitiroko imakonda kugwira anthu m'mawa. Ikagwira, imasokonezanso wotchiyo, pomwe ubongo wovulala umafuna tulo ta usiku kuti uchire. Muziothera dzuwa la m'mawa tsiku ndi tsiku, ndipo masana musagone."

"Ndiye tambala azidzutsidwa ndi nkhuku yaikazi?" anafunsa mayi akunyumba. Atambala anaseka ndi theka la pakamwa, koyamba chidwalireni.

Kuyambira pamenepo mayiwo ankawakankha pa njinga ya olumala mpaka pakhomo la kachipinda ka belu, moyang'ana kum'mawa. Mayi akamakoka chingwe, iwo ankawerenga mokweza kuti lilime lizolowere. Masana tulo tikawazembera, ankadzitsina n'kuyamba kupemphera kolona. Sitinawamvepo akudandaula, kupatula chinthu chimodzi: ankati pemphero la Lachiwiri lija analisiya losatha. Patapita miyezi isanu ndi itatu, tulo titabwerera m'malo mwake, anagwira chingwe ndi dzanja lamanzere, mayi atagwirizira pamwamba, naliza kakhumi ndi kamodzi kamene kanatsala kaja. Mayi wa buledi anatuluka mumsewu akupukuta maso ndi epuloni.

Anakhalanso zaka zisanu ndi chimodzi, akuyendera ena ogwidwa ndi matenda omwewo n'kumawauza kuti azitsegula makatani kukacha. Mwezi wathawu, m'mawa wopanda mitambo, anakhala pamalo pawo pakhomo paja, dzuwa likuwawomba kumaso. Mayi anayamba kuliza, iwo akuwerenga kumbuyo kwawo monga mwa masiku onse. Pa kachisanu ndi chinayi mawu aja sanamveke. Mayiwo akuti anadziwa pomwepo, ndipo manja anafuna kusiya chingwe kuti athamangire amuna awo. Koma anakumbukira mawu aja amene ankauza ana a kwaya. Sanacheuke. Anakoka, misozi ikutsika, mpaka kakhumi ndi kasanu ndi katatu.

Atatembenuka, anapeza Atambala atatseka maso komaliza, kolona ili m'dzanja lamanzere. Ife tonse m'nyumba zathu tinamva belu lathunthu tsiku limenelo, ndipo tinadzuka pa nthawi yake.