Kenelo ya pa Lisepushoni

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amalume, amene ankaperekera chambo ku loji ina cha ku Nkope. Anauza manijala, a Mussa, kuti mphwawo waphunzira za makompyuta, ndipo ananditenga mongondiyesa kaye.

Pa lisepushoni panali kompyuta yakale ya Linux yolandirira alendo. A Mussa anaigulira kachipangizo kogwirira intaneti popanda waya, koma kompyutayo sinkakazindikira. Vuto linali kenelo, pulogalamu imene imalumikiza kompyuta ndi zipangizo zake. Inalibe dirayiva, kapulogalamu koyendetsa kachipangizoko, choncho ndinafunika kumanga kenelo ina kuchokera ku khodi, malemba amene pulogalamu imapangidwira.

Linali Lachisanu, madzulo ake kukubwera alendo a ukwati. Ndinayankha mafunso osatha a kompyutayo okhudza zipangizo zomwe sindinazionepo, n'kulemba lamulo la Chingerezi loti "make", loyambitsa kumangako. Mizere inayamba kuthamanga pasikirini. Patapita nthawi inaima, akuti pulogalamu ina yothandizira palibe. Ndinaiika. Inaimanso, disiki yadzaza. Nditakonza zimenezo, kompyuta inatentha n'kuzima yokha.

Nditatsegula bokosi lake, fungo linandibweza. Fani inali itamatidwa ndi nkhungu zakunyanja zowola, pansi pali manyi a khoswe, ndipo mphemvu zinandithamangira pamkono. Ndinapala zonsezo ndi mswachi wakale.

Ndinayambanso. Itangotsala pang'ono kumaliza, sikirini inada bii. Kucheuka, a Mussa azula pulagi yanga, alowetsa ayironi yositira nsalu za patebulo.

"Abwana, mwandizimitsira!"

"Aaa, si ungoyatsanso? Tsiku lonse wangokhala phee kuonerera tizilembo."

Atamaliza kusita, ndinalowetsanso pulagi n'kupitiriza. Dzuwa litapendeka, kenelo yatsopano inatha kumangika. Kuiyatsa, inangolavula mizere ingapo n'kuuma, yalephera kupeza disiki yomwe ikukhalamo. Apo n'kuti minibasi ya alendo ikulowa pageti, a Mussa akundiyang'ana ngati ndawabera.

Mwayi, kenelo yakale ndinali ndisanaifufute. Ndinabwerera ku yakaleyo, ndinatenga waya wautali wa netiweki, n'kuudutsitsa pawindo kuchokera ku ofesi, komwe kunali intaneti kale. Intaneti inabwera nthawi yomweyo.

"Waona?" anatero a Mussa. "Kantchito kochepa chonchi."

Ntchito ndinakhala nayo, koma madzulo amenewo chakudya sichinalowe, manja akununkhabe. Mpaka lero kenelo yakale sindiifufuta yatsopano isanayake. Ndipo wina akandiuza kuti timange kenelo, ndimayamba ndamufunsa ngati m'nyumbamo muli windo.