Phini Imene Herlinda Anaiwala

Herlinda Zárate amagulitsa matamale, timikate ta chimanga tokulunga m'makoko, pakhomo la msika wa ku Tlacolula, ndipo pakamwa pake sipapuma ngati wailesi ya m'basi. Koma panali nkhani imodzi imene ankaimeza. Tsiku la kadamsana, ali ndi pakati, anaiwala kubaya phini ndi kansalu kofiira pa siketi, monga amachitira mayi aliyense woyembekezera kumeneko dzuwa likamada, kuti mwana asabadwe ndi vuto. Makasitomala anali atamuchulukira.

Ndiye mwana wake Nayeli atafika zaka zinayi osayankhula, ntchito kungondandalika zitsekero za mabotolo pamzere, apongozi ake, a Eufemia, anapeza nyimbo.

"Phini imodzi yokha, mpongozi wanga! Ngakhale nkhuku ikanakumbuka."

Herlinda ankaseka nawo, koma mumtima ankakhulupirira kuti anamulakwira mwanayo, ndipo zinkamupweteka kwambiri.

Dokotala wa mumzinda wa Oaxaca anati ndi otizimu, vuto la kakulidwe ka ubongo, kuti ana otere ndi ambiri, mwina mmodzi pa zana lililonse, ndipo kawirikawiri ndi zakumtundu. Herlinda anangogwedeza mutu. Dokotala wamwamuna adziwa chiyani za maphini?

Atamuitanira ku msonkhano wa makolo a ana otere, anapita ndi dengu lodzaza. Tamale inali yaulere, koma uyambe wayankha funso.

"Achemwali, phini munabaya?"

"Zitatu!" anatero mayi wina wonenepa. "Ina mpaka inandilasa pamchombo. Uyo wanga akuzungulira apoyo."

"Ine chaka changa kunalibe n'kadamsana komwe," anatero wina. "Onjezerani tamale ya nkhukuyo."

Amayi khumi ndi anayi, ndipo woiwala phini anali yekha. Ana onse anali chimodzimodzi.

Atafika kunyumba anapeza mwamuna wake Crescencio, wosoka nsapato, akundandalika misomali kuyambira waufupi mpaka wautali, monga amachitira tsiku lililonse. Nayeli anali pambali pake ndi zitsekero zake. Onse awiri lilime lili kunja, palibe wocheuka.

Herlinda anatula dengu n'kutembenukira kwa apongozi ake.

"Amayi, kodi mwana wanuyu anayamba kuyankhula ali ndi zaka zingati?"

"Zisanu," anatero a Eufemia monyadira. "Analibe phuma ameneyu, anatengera bambo ake."

"Nanga phini munabaya?"

"Ziwiri! Ukundiyesa iwe?"

Atatero anayang'ana mwana wawo, n'kuyang'ana mdzukulu, n'kuyang'ananso mwana wawo.

Herlinda anaseka mpaka kukhala pansi, kenako kusekako kunasanduka kulira, moti Crescencio anadzutsa mutu n'kufunsa ngati matamale sanagulidwe.

A Eufemia sanapepese, si khalidwe lawo. Koma masiku ano amazungulira msika wonse kutola zitsekero, n'kumakalipira ogulitsa zakumwa kuti asamazipinde, mdzukulu wawo amafuna zowongoka. Ndipo nkhani ya phini, imene Herlinda ankaimeza ija, palibe kasitomala amachoka asanaimve.