Dona Wofiira wa Aneba Athu

Aneba athu a pa Chonde ali ndi galimoto yakale yaliwiro, yofiira psuu, imene akhala akuikonza chisiyireni ntchito ku esiteti ya tiyi. M'mawa uliwonse amaipukuta, kuisisita, n'kumati, "Wadzuka bwanji, dona?" Akazi awo, a Enifa, moni wotere anaumva komaliza ali mtsikana.

Tsiku lina mvula itatsika m'phiri, bambowa anasolola lona yomwe mayi anafunditsa nandolo wawo, n'kukafunditsa galimoto. Nandolo yense ananyowa.

Dzuwa litawala, anapeza nandoloyo atayanikidwa paboneti mpaka padenga.

"Mayi, penti wanga! Mwandipha!"

"Musakuwe, bambo. Sopo wanga amathera pa donayu, ndiye lero mkazi mnzanga agwireko ntchito. Nandolo akauma mubwere mudzamusisite."